Masitazi ya Chisipanishi: ku Spain, ku America kapena ku Mexico?

Munthu akangoti akufuna digiri yachiwiri ya Chisipanishi, mtima umathamangira ku Spain. N'zomveka, poti chinenerochi kwawo n'komweko. Koma inu amene mwafika posankha kokachitira masitazi mukudziwa kale kuti kutchuka kwa dziko sikulipira lendi. Njira zimene tizione pano ndi zitatu: ya ku Spain, ya ku United States ndi ya ku Mexico. Ndiziika pambali pa inzake, ndipo sindibisa kumene ine ndapendekera.

Tiyambe tagwirizana chimene mukufuna, chifukwa dzina loti masitazi ya Chisipanishi limaphimba zinthu zosiyana. Pali maphunziro a kaphunzitsidwe ka chinenerochi kwa anthu amene sanabadwe nacho, omwe eni ake amawatcha ELE, chidule cha Español como Lengua Extranjera. Pali maphunziro a zolembalemba, ndiko kuti ndakatulo, nthano zazitali ndi zisudzo za ku Spain ndi ku Latin America. Ndiye pali maphunziro a kapangidwe ka chinenero: galamala, katchulidwe, ndi mmene chimasinthira kuchoka dera lina kupita lina. Munthu wofuna choko ndi bolodi akalowa kalasi ya ndakatulo za m'zaka za m'ma 1600 amangodzizunza chaka chathunthu.

Ubwino wa ku Spain ndi kufulumira. Masitazi ambiri kumeneko ndi a chaka chimodzi, a makirediti 60, ndipo amathera ndi kafukufuku wamng'ono amene ophunzira amangomutcha TFM. Pa nkhani ya ELE, dzina lalikulu ndi Salamanca. Yunivesite imeneyi inayamba mu 1218, yakhala ikuphunzitsa alendo Chisipanishi kuyambira mu 1929, ndipo imagwirira limodzi ntchito ndi Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain lofalitsa chinenerochi, pa mayeso a DELE, oyesa luso la mlendo pa Chisipanishi. Mumzinda womwewu ndi momwe Antonio de Nebrija anasindikizira galamala yoyamba ya chinenerochi mu 1492. Palinso Alcalá de Henares, pafupi ndi Madrid, kwawo kwa mlembi wotchuka Miguel de Cervantes, komanso Barcelona ndi Granada. Konseku mudzapeza aphunzitsi amene moyo wawo wonse akhala akusinkhasinkha funso limodzi: mlendo tingamufotokozere bwanji kusiyana kwa ser ndi estar, mawu awiri amene onse amatanthauza kukhala, popanda kumugwetsa mphwayi?

Koma ku Spain kuli mbuna ziwiri zimene ndikufuna muzione msanga. Yoyamba ndi ya mapepala. Si chilichonse cholembedwa máster chimene chili chofanana ndi chinzake. Pali máster oficial, wovomerezedwa ndi boma, amene amakutsegulirani khomo la udokotala. Pali winanso amene yunivesite imangopereka m'dzina lake, yemwe anthu anazolowera kumutcha título propio, ndipo masiku ano amalembedwa kuti máster de formación permanente. Wachiwiriyu akhoza kukhala wophunzitsidwa bwino, koma sakufikitsani ku udokotala, ndipo mukabwera naye kwanu olemba ntchito ena angamukayikire. Zotsatsa zake zimafanana kwambiri, choncho fufuzani mawu oti oficial musanatumize ngakhale tambala. Dziwaninso kuti masitazi ya ELE si chiphaso chophunzitsira ku sekondale za boma za ku Spain. Imeneyo ili ndi masitazi yakeyake ya uphunzitsi.

Mbuna yachiwiri ndi ndalama. Fizi ya mayunivesite a boma imasiyana malinga ndi chigawo, ndipo m'zigawo zina wochokera kunja kwa European Union amalipira zambiri kuposa mnzake wokhala naye benchi imodzi. Kunena zoona, fiziyo ndi yochepa mukaiyerekeza ndi ya ku Britain kapena ku America, koma kawirikawiri imatuluka m'thumba lanu, pamodzi ndi lendi ndi chakudya. Masikolashipu otchuka a Fundación Carolina anakonzedwera makamaka anthu a ku Latin America, ndiye musatayirepo nthawi. Amayi angayang'ane pulogalamu ya Learn Africa ya bungwe la Mujeres por África, yomwe imathandiza atsikana ndi amayi a mu Africa kukaphunzira m'mayunivesite a ku Spain. Lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ntchito mpaka maola 30 pa sabata, koma masitazi ya chaka chimodzi ndi yothinana, ndipo wodalira ganyu amafika pa TFM atatheratu.

Chimene chimandikhumudwitsa pa njira imeneyi n'chakuti nthawi yoima patsogolo pa kalasi ndi yochepa. Amakutumizani kukayeserera kuphunzitsa kwa masabata angapo, mbali ina mukungoonerera mphunzitsi wina. Ndipo mukamaliza, ntchito ya ELE mu Spain momwemo mukuilimbirana ndi eni chinenero ambirimbiri amene ali ndi pepala lomwelo.

Tsopano ku America. Ambiri amadabwa kumva kuti munthu angapite dziko la Chingerezi kukaphunzira Chisipanishi, koma anthu oposa 40 miliyoni kumeneko amalankhula chinenerochi pakhomo, ndipo ndicho chinenero chachilendo chimene ophunzira ambiri amatenga m'makoleji. Makalasi oyambirira ndi ochuluka kotero kuti mapulofesa okha sangawakwanitse. Ndiye madipatimenti ambiri amalemba ophunzira a masitazi ndi a udokotala kuti aziphunzitsa makalasiwo. Iwo amakuchotserani fizi, yonse kapena mbali yaikulu, n'kumakupatsani kangachepe pamwezi, inu n'kumaphunzitsa kalasi imodzi kapena awiri pa semesita. Apa ndiye pamene pagona kusiyana konse ndi ku Spain: uko mumalipira kuti muphunzire kuphunzitsa, kuno amakulipirani kuti muphunzitse uku mukuphunzira.

Masitazi yake ndi ya zaka ziwiri. Mukamatuluka mwakhala mukukonza maphunziro, kuchonga mayeso ndi kuyankha mafunso a ophunzira enieni kwa masemesita anayi. Mphunzitsi amapsa ndi zimenezi, osati ndi zolemba za akatswiri zokha. Kawirikawiri semesita yoyamba mumachitanso kosi ya njira zophunzitsira, ndipo pamakhala wamkulu woyang'anira amene amalowa m'kalasi mwanu kudzaona mmene mukuchitira. Madipatimenti a Indiana, Ohio State, Penn State ndi Georgetown ndi odziwika pa za kapangidwe ka chinenero ndi mmene anthu amachiphunzirira, pomwe Texas ku Austin ili ndi nkhokwe yaikulu ya mabuku a ku Latin America. Chinanso chimene simungachipeze mofanana ku Spain ndi kuphunzitsa ana a mabanja ochokera ku Mexico, Puerto Rico kapena El Salvador, amene amalankhula Chisipanishi ndi agogo awo koma sanachilembepo kusukulu. Ife amene tikudziwa ana a abale athu ku Johannesburg kapena ku Leicester, omva Chichewa koma oyankha m'Chingerezi, nkhani imeneyi si yachilendo, ndipo zimene mungaphunzire kumeneko zingagwire ntchito pa chinenero chathu chomwe.

Zovuta zilipo, ndipo si zazing'ono. Mukatuluka m'dipatimenti, msika, basi ndi chipatala zonse ndi Chingerezi, makamaka m'matauni a mayunivesite a m'katikati mwa dzikolo. Lilime silikhwima ngati la munthu amene amakangana ndi mwininyumba m'Chisipanishi tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, sakulembani kuti akuphunzitseni kulankhula. Amafuna munthu woti Lolemba loyamba aime kutsogolo n'kuyendetsa kalasi m'Chisipanishi, ndipo mukupikisana ndi ofunsira ochokera ku Colombia, Peru ndi Spain. Chachitatu, ndalama ya pamwezi ija ndi yongokwana munthu mmodzi wodziletsa. Wokhala ndi banja kapena wodikiridwa ndi abale kumudzi aziwerengera bwino. Viza ya wophunzira, yotchedwa F-1, imalola maola 20 okha a ntchito pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo kuphunzitsa kuja kumadya maolawo. Onjezanipo kuti mayunivesite ena akuluakulu salandiranso wofuna masitazi yokha, amafuna wolowa udokotala wa zaka zisanu kapena kuposerapo. Choncho werengani bwino ngati dipatimentiyo imalipirira masitazi payokha.

Mexico ndi njira imene anthu akwathu saiganizira, ndipo ndimaona kuti n'kulakwitsa. Dziko limeneli ndi limene lili ndi olankhula Chisipanishi ambiri padziko lonse, kuposa Spain kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Yunivesite ya UNAM, mu Mexico City, ili ndi masitazi a zaka ziwiri a zolembalemba, a kapangidwe ka Chisipanishi ndi a kagwiritsidwe ntchito ka maphunziro a chinenero, ndipo nthambi yake yophunzitsa alendo, CEPE, inayamba ngati sukulu ya patchuthi mu 1921. Fizi ya mayunivesite a boma ndi yotsika, ndipo moyo ndi wotchipa kuposa Madrid kapena Barcelona. Kwa munthu wokonda zolembalemba, apa ndi pachimake. Mukuwerenga olemba amene analimbana ndi mafunso amene ifenso timawadziwa: kulemba m'chinenero cha atsamunda, malo a zinenero za makolo monga Chinahuatl ndi Chimaya kusukulu, nkhani ya minda, ulamuliro wa chipani chimodzi. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata sangakhale chete m'kalasi yotere, ali ndi chonena. Ku Colombia nako kuli Instituto Caro y Cuervo ku Bogotá, yokhazikitsidwa mu 1942, yomwe ili ndi masitazi ya kaphunzitsidwe ka Chisipanishi kwa alendo komanso kwa nzika zimene chinenero chawo choyamba ndi china.

Chotopetsa cha njira imeneyi ndi mtunda ndi kalowedwe. Tikiti ndi yodula, ulendo ndi wa ndege zingapo, ndipo nthawi zina dziko lodutsamo limafuna viza yakeyake. UNAM imasankha mokhwima: mayeso, kucheza nanu, ndi ndondomeko ya kafukufuku amene mukufuna kuchita, zonse m'Chisipanishi. Kafukufuku womalizira ndi wamkulu kuposa TFM ya ku Spain, ndipo ambiri amapitirira zaka ziwiri asanamuteteze.

Pa funso loti Chisipanishi chenicheni n'chiti, musavutike nalo. Polankhula ndi anthu angapo wa ku Madrid amati vosotros, wa ku Mexico amati ustedes, ndipo polankhula ndi munthu mmodzi wa ku Buenos Aires amati vos, monga momwe Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanirana ndi Chinyanja cha ku Lusaka. Mayeso a SIELE, amene anakonzedwa ndi Instituto Cervantes, UNAM, Salamanca ndi yunivesite ya Buenos Aires, amalandira malankhulidwe onsewa. Kusiyana kwake ndi DELE n'kwakuti satifiketi ya SIELE imatha mphamvu pakapita zaka zisanu, pomwe dipuloma ya DELE ndi yamuyaya. Masitazi ambiri a ELE amafuna mlingo wa C1, womwe ndi wa luso lapamwamba pa mayesowa, kwa amene sanabadwe nacho chinenerochi. Ife tili ndi mwayi pakamwa: mavawelo a Chisipanishi ndi asanu okha ngati athu, ñ ndi ny wathu, ndipo mawu ambiri amatsindika pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Pamene timagwa ndi pa l ndi r. Pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu, ndipo mphunzitsi wosakaniza atatuwa ana amamuzindikira tsiku loyamba. Abale a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira m'Chipwitikizi ayamba ali patsogolo kwambiri, ngakhale kuti kufanana komweko kumawapusitsa n'kumasakaniza zinenero ziwirizi osadziwa.

Amene simungasiye ntchito, UNED ya ku Spain imaphunzitsa masitazi ovomerezeka munthu ali kwawo, koma lilime mudzayenera kulisaka nokha. Koleji ya Middlebury, ku Vermont ku America, ili ndi sukulu ya Chisipanishi kuyambira mu 1917, komwe ophunzira amalumbira kuti salankhula chinenero china, ndipo masitazi angathe kuchitidwa pa matchuthi anayi. Njabwino, koma njodula. Pafupi ndi kwathu, mayunivesite a Cape Town ndi Pretoria amaphunzitsa Chisipanishi.

Ine ndikanakhala ndi C1 m'manja koma thumba lopanda kanthu, ndipo cholinga changa n'kukhala mphunzitsi, ndikanafunsira ku America, chifukwa ndi njira yokhayo mwa zitatuzi imene kuphunzitsa kwanu komwe kumakulipirirani sukulu. Ndikanakhala ndi wondilipirira ndiponso ntchito yondidikira, ndikanatenga chaka chimodzi cha máster oficial ku Spain n'kubwerera. Koma ngati chimene chimakusowetsani tulo ndi mabuku, Mexico ndiye kwanu. Ganiziraninso kokagwira ntchito mukamaliza: mu Africa Chisipanishi chimaphunzitsidwa kwambiri m'masekondale a ku Côte d'Ivoire, Benin, Senegal ndi Cameroon, ndi chinenero cha boma ku Equatorial Guinea, ndipo Instituto Cervantes inatsegula nthambi yake ku Dakar mu 2021. Kuno kummwera mwayi uli kwambiri m'masukulu apulayiveti otsata masilabasi akunja, m'mayunivesite ndi pa ntchito yomasulira.

Kulikonse kumene mwasankha, mapepala ayambeni chaka chisanafike. Madipatimenti ambiri a ku America amatseka kufunsira mu Disembala kapena Januwale kwa oyamba mu Ogasiti, ndipo amafuna makalata a aphunzitsi anu akale ndi chitsanzo cha zimene munalembapo m'Chisipanishi. Ku Spain sukulu imayamba mu Seputembala kapena Okutobala, koma malo amagawidwa m'magawo kuyambira kumayambiriro kwa chaka, ndipo ofunsira m'gawo loyamba ndi amene amapeza nthawi yokwanira ya viza. Digiri yanu ndi zotsatira zake adzazifuna zili ndi chidindo cha boma chotsimikizira kuti ndi zenizeni, monga cha apostille, komanso zomasuliridwa ndi womasulira wolumbira. Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa Spain. Malawi ndi Zambia zimayang'aniridwa ndi ofesi ya ku Harare, choncho muwalembere msanga kuti akuuzeni kokapereka mapepala a viza ya wophunzira, ndipo ndalama ya ulendo umenewo muiike m'bajeti kuyambira pano.