Kamtengo kapena mswachi wogula: mwana umuyenera uti?

Kuno ku Mangochi agogo ambiri amatsuka mano ndi kamtengo kotafuna kunsonga, ndipo mano awo ndi oyera mbee. Kamtengo n'kaulere, kamachotsadi zotsalira m'mano. Koma mwana wa zaka 2 sangakagwire bwino, ndipo kakalimba kamakanda nkhama zake zanthete.

Mswachi wofewa wa ana umalira ndalama, komanso umafunika kusintha pakatha miyezi 3. Mphamvu yake yeniyeni ili m'mankhwala otsukira okhala ndi fluoride, amene amalimbitsa dzino kuti asidi wobwera chifukwa cha shuga asaliboole. Paja agogo aja sanakulire Sobo ndi maswiti a pamsika, pomwe ana athu ndi zomwezo kutacha mpaka madzulo. Ine ndiye ndimasankha mswachi.

Dzino loyamba likangotuluka, nthawi zambiri pa miyezi 6, pakani pa mswachi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga. Akakwana zaka 3, ngati nsawawa. Mtsukeni nokha kawiri pa tsiku, makamaka asanagone, ndipo alavule osachukucha ndi madzi.

Kamtengo kadikire akule, azikachotsera ulusi wa mango masana.