Buku la Iliad lakaunjika: ndalipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri si za wogulitsa

Ndinalipira K18,000 kuphatikiza yotumizira, bambo wogulitsayo atanditsimikizira pa WhatsApp kuti bukulo ndi "laukhondo ngati latsopano". Linafika patatha masiku 9 m'malo mwa atatu, koma zimenezo ndazizolowera.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi chimene ndinapeza mkati. Amene anali nalo poyamba anatenga bolopeni yofiira n'kumakhwacha mawu onse otamanda amene Homer, mlakatuli wakale wa Chigiriki amene amati ndiye anapeka ndakatulo yaitaliyi ya nkhondo ya ku Troy, amaphatika pa mayina a anthu ndi milungu. Pamene pali "Achilles wa mapazi aliwiro", wakhwacha mapaziwo. "Zeus wosonkhanitsa mitambo", mitambo yapita. "Hera wa mikono yoyera", chimodzimodzi. Ngakhale m'bandakucha wa zala zofiirira ngati duwa sanausiye. M'mphepete analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti wolembayu akungobwerezabwereza. Pena bolopeni inaboola pepala.

Nditawatumizira zithunzi, bambo aja anangoyankha kuti, "Bwana, nkhani yonse ilipo, akhwacha zosafunika zokhazokha." Zosafunika! Kenako foni yawo inasiya kuyankha. Munthu wogulitsa mabuku koma osatsegula n'komwe chimene akugulitsa.

Komabe ndinene zoona, inki yofiirayo inanditsegula maso. Pofuna kudziwa ngati wokhwachayo anali ndi mfundo, ndinawerenga mawu oyamba a womasulira, amene ndikanawadumpha. Akufotokoza za Milman Parry, katswiri wa ndakatulo za Chigiriki wa ku America, amene mu 1928 ku Paris anaonetsa kuti mawu otamandawa anali zida za woimba. Ndakatuloyi inkaimbidwa pakamwa, mzere uliwonse uli ndi magawo 6 a kayimbidwe, ndipo woimbayo ankasankha dzina lotamanda lokwana malo otsala mumzerewo. N'chifukwa chake zombo za Agiriki zimatchedwa zaliwiro ngakhale zili gone pamchenga, ndipo Achilles, ngwazi ya Agiriki, amakhalabe wa mapazi aliwiro atangokhala pamsasa, atanyanyala nkhondo chifukwa Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki, wamulanda mkazi wotchedwa Briseis. Parry anapita mpaka ku Yugoslavia pakati pa 1933 ndi 1935 kukajambula mawu a oimba osadziwa kulemba amene ankapeka nyimbo zazitali mwa njira yomweyo. Ine zinandikumbutsa agogo anga, amene sankathokoza munthu popanda kutchula chiwongo chake, angakhale wangowapatsira madzi akumwa.

Mwamwayi wokhwachayo anatopa. Pa magawo 24 a bukuli anafika pa gawo 7 basi, kuyambira apo masamba ndi oyera, ndipo kumasulira kwake m'Chingerezi n'kosavuta. Ndinakondwa kuti gawo 22 sanaligwire, pamene Achilles akuthamangitsa Hector, ngwazi ya ku Troy, kuzungulira linga la Troy katatu konse osamupeza, mapazi aliwiro aja ali pomwepo.

Bukulo ndisunga. Koma ngati mukugula kwa bambowa, auzeni akujambulireni masamba a mkati, osati chikuto chokha.