Dipuloma ya ku Evelyn Hone kapena digiri ya ku UNZA: iti ingakulowetseni mu labu?

Inu amene mwamaliza Grade 12 ndipo mtima uli pa ntchito ya mu labu, yoyeza DNA, tizilombo toyambitsa matenda kapena mbewu, musathamangire kufunsa kuti dipuloma ndi digiri yabwino ndi iti. Choyamba dziwani ngati pepala lomwe mudzatuluke nalo lidzakuloleni kugwira magazi a wodwala. Muno mu Lusaka njira zimapatukira pamenepo.

Ku Evelyn Hone, pa Church Road, kuli madipuloma awiri amene mayina ake amasokoneza makolo ambiri: Biomedical Sciences ndi Science Laboratory Technology. Onse ndi a zaka 3, ophunzira ake onse amavala makhoti oyera, koma akamaliza sapita kumodzi. Wa Biomedical amalembetsa ku HPCZ, bungwe lopereka chilolezo kwa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo akachipeza angathe kugwira ntchito ku UTH, ku zipatala za m'makomboni monga Chawama ndi Kanyama, kapena m'malabu a kafukufuku ngati a CIDRZ ku Kalingalinga ndi Zambart. Wa Science Laboratory Technology njira yake ndi ina: malabu a m'masukulu, m'mafakitale a zakumwa ndi zakudya, koyeza madzi, ku NISIR (bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi), kapena ku Mount Makulu ku Chilanga, komwe kuli ZARI ndi SCCI, oyeza mbewu. Si dipuloma yonyozeka ayi. Koma amene akuilowa poganiza kuti adzakhala m'chipatala adzangodzipweteka mtima.

Ku UNZA zinthu n'zotalikirapo. Mumayamba chaka choyamba ku Natural Sciences pa Great East Road, komwe aliyense akulimbirana malo ochepa omwewo, ndipo magiredi a chaka chimenecho ndi amene amanena ngati mupite ku Ridgeway, nthambi ya UNZA ya zaumoyo, kukachita Biomedical Sciences kapena mutsale ku Biological Sciences, komwe kuli microbiology ndi genetics. Ambiri amaona kutsalako ngati kugwa, pomwe kwa munthu wofuna biotechnology yeniyeni, ya majini ndi mbewu, mwina ndiye kwawo. Digiri imatenga zaka 4 kapena kuposerapo, koma ili ndi ngongole ya HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, kwa amene yawagwera, ndipo ndiyo imatsegula khomo la masters komanso udindo woyang'anira labu. Levy Mwanawasa Medical University ku Chainama nayonso imaphunzitsa Biomedical, muionenso.

Tsopano nkhani ya manja, imene mapepala otsatsa sukulu sakamba. Wa digiri amakufotokozerani bwino chifukwa chake PCR, njira yochulukitsira DNA kuti iyezedwe, imatenthetsa DNA mpaka madigiri pafupifupi 95 kuti zingwe ziwiri zilekane, kenako n'kuziziritsa kuti ma primer, tizidutswa tatifupi ta DNA toyambira kukoperako, agwire. Wa dipuloma nthawi zambiri ndi amene amayamba msanga kugwira pipette, kachida kotungira timadontho. Ndipo pa benchi chimene chimaoneka ndi chimenecho: kutunga mamaikulolita 5, kadontho kosakwana ngakhale njere ya mapira, osalowetsa mpweya, kusintha tipi ya kunsonga kwa pipette pa sampulo iliyonse, kulemba nambala pa chubu musanathiremo kanthu. Mukaiwala kusintha magolovesi pochoka m'chipinda chotulutsira DNA kupita chosakanizira mankhwala, chubu chomwe chimayenera kukhala chopanda kanthu chimaonetsa zotsatira, ndipo ntchito ya tsiku lonse, pamodzi ndi mankhwala ogulidwa ndi madola, yapita m'bini. Makina a GeneXpert oyeza TB ndi osavuta, mumathira makhololo osakaniza mu katiriji, n'kudikira maola osakwana awiri. Koma labu ya viral load, yoyeza kuchuluka kwa vairasi m'magazi, kapena yowerenga majini imafuna munthu amene anazolowera kale.

N'chifukwa chake ine ndimati pofunsa za sukulu, funsani kumene amatumiza ana awo ku atachimenti. Miyezi ingapo mu labu yokhala ndi makina a PCR imalemera kuposa chaka chathunthu chojambula zithunzi za makinawo m'kope. Kumbukirani kuti COVID-19 itafika mu March 2020, ena mwa masampulo oyamba anayezedwa ku labu ya sukulu ya madokotala a ziweto ya UNZA, chifukwa kumeneko n'komwe kunali zida ndi anthu odziwa kale kugwira mavairasi.

Za ntchito tisanamizane. Boma linalemba ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, komabe achinyamata a Biomedical ongodzipereka m'makiliniki popanda malipiro alipo ambiri, ndipo malabu odalira ndalama za ku America anagwedezeka thandizo litaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025. Kumbali ya ulimi malo ndi ochepa koma opikisana nawonso ndi ochepa. Dziko lino linakana chimanga cha GMO (chosinthidwa majini) mu 2002, lamulo la Biosafety loyang'anira zoterezi linabwera mu 2007, ndipo mbewu ndi zakudya zolowa zimafunabe woziyeza.

Ngati ndalama kunyumba n'zoperewera ndipo ma credit anu a Biology, Science, Masamu ndi Chingerezi alipo, ine ndingasankhe dipuloma ya Biomedical, kutenga chilolezo cha HPCZ, digiri n'kudzaonjezera muli kale pa ntchito. Ngati mtima uli pa chinangwa, chimanga ndi majini ake, ndipo HELSB yakuyankhani, pitani ku Great East Road. Sukulu zapulaiveti zilipo zambiri, koma musanalipire ngwee iliyonse, kafunseni ku HPCZ kapena ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zaluso, ngati kosiyo ndi yovomerezeka.