Maso kapena zala: chimakalamba msanga n'chiti?

Agogo anga a ku Matero mumzinda wa Lusaka akamagula mapeyala ku Soweto Market, sayang'ana kwenikweni, amangogwira n'kutembenuza. Maso amafooka poyera: kuyambira zaka za m'ma 40 zapafupi zimaoneka mbuu, kenaka ng'ala imabwera. Mwayi wake, magalasi ndi opaleshoni zimathandiza. Zala zimakalamba mwakachetechete, nsonga zake sizimvanso timizere ting'onoting'ono.

Chondisangalatsa n'chakuti mu 2006 ofufuza ku America anapeza kuti okalamba amasiyanitsa maonekedwe a zinthu ngati achinyamata, kaya ndi maso okha kapena manja okha. Ankavutika poyerekeza chomwe agwira ndi chomwe aona, koma atapatsidwa nthawi yokwanira anafanana nawo. N'chifukwa chake agogo sindiwafulumizitsanso pamsika.