Ulendo wa masana ku Salem ndi wabwino, koma musapiteko mu Okutobala

Ku Salem, m'dera la Massachusetts ku America, makampani oyendetsa alendo m'tauni alipo ambirimbiri, ndipo ochuluka malonda awo ndi mantha. Amakutengani usiku, wokutsogolerani atavala chipewa chosongoka ndi nsalu yakuda, n'kumakusimbirani za mizukwa. Ine ndinasankha kampani ina yaing'ono yoyenda masana, yomwe imangofotokoza milandu ya ufiti ya mu 1692, ndipo ndalama yanga sindikuilira. Madandaulo alipo, ndiwatchula, koma ndiyambe ndi mayi amene anatitsogolera chifukwa ulendo wonse unakoma ndi iwowo.

Anatifikitsa kumeneko ndi mwana wanga wamkazi. Ku sukulu anawerenga sewero la Arthur Miller lotchedwa The Crucible, ndipo ankabwera kunyumba ali ndi ukali pa Abigail Williams, mtsikana amene m'seweromo ananamizira mkazi wa John Proctor ufiti pofuna kulanda mwamuna. Kuchokera ku North Station ku Boston, sitima imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo mukatsika mumangoyenda wapansi kukafika poyambira.

Otitsogolera anali mayi achikulire ndithu, mphunzitsi wopuma pantchito, atanyamula fayilo ya mapepala a khoti ojambulidwa. Tisanasunthe anafunsa kuti ndani anawerengapo sewerolo kapena kuonera filimu yake ya mu 1996. Manja ambiri anakwera. Ndiye anayamba kugumula zimene tinkadziwazo mmodzimmodzi. Abigail weniweni anali kamwana ka zaka 11 kapena 12, pomwe Proctor anali bambo wa zaka pafupifupi 60. Miller anakweza zaka za mtsikanayo kufika pa 17, mwamunayo n'kumutsitsira m'zaka za m'ma 30, kenako n'kupeka chibwenzi pakati pawo. M'mapepala a khoti chibwenzicho mulibe, nkhani yovina kunkhalango usiku mulibenso. Mwana wanga anangoti kukamwa yasa.

Chimene ndinawakondera n'choti sanamunyoze Miller. Anatikumbutsa kuti mwini wakeyo analemba kumayambiriro kwa buku kuti sewerolo si mbiri, ndipo anavomera kuti zaka za Abigail anazikweza. Linaseweredwa koyamba ku New York mu Januwale 1953, nthawi imene boma la America linkasakasaka anthu owaganizira chikomyunizimu, munthu n'kumapulumuka potchula anzake. Mu 1956 naye Miller anaitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo ndipo anakana kutchula maina. Choncho anali ndi nkhani yake imene ankafuna kunena, Salem anangoibwereka.

Komabe ine, nditamva za m'mapepalawo, ndinaona kuti sewerolo limatipeputsira katundu. Limatipatsa munthu mmodzi woti tizimuda, mtsikana wansanje, basi mtima n'kukhala pansi. Zenizeni n'zoopsa kuposa pamenepo chifukwa woipa mmodzi woti muloze palibe. Zinayambira m'nyumba ya abusa a Samuel Parris, amene anali kale pa mkangano ndi nkhosa zawo pa za malipiro ndi nkhuni. Mwana wawo Betty wa zaka 9 ndi Abigail atayamba kugwa ndi kukuwa, oyamba kulozedwa chala anali anthu opanda owaikira kumbuyo: Tituba amene anali kapolo wa abusawo, Sarah Good amene ankapemphetsa, ndi Sarah Osborne amene anali atasiya kupita kutchalitchi. Kenako motowo unafika kwa anthu olemekezeka. Panali mikangano ya malo pakati pa mabanja, panali anthu othawa nkhondo kumpoto cha ku Maine, ndipo pamwamba pa zonse panali oweruza ophunzira bwino amene analola umboni wa m'masomphenya. Mwana akangoti mzimu wa uje unabwera kudzanditsina, khoti linkalemba. Nanga munthu ungadziteteze bwanji pa zimene akuti mzimu wako unachita iwe uli kumunda?

Pa Washington Street, pomwe panali khoti, lero pamangodutsa magalimoto. Mayiwo anatiimitsa m'mphepete n'kusimba za Rebecca Nurse, gogo wa zaka 71 wovutika kumva. Anansi ake 39 anasaina kalata yomuikira umboni. Poyamba anamupeza wosalakwa, atsikana aja n'kuyamba kukuwa m'khoti, ogamula mlanduwo n'kuuzidwa kuti akaganizenso. Anam'nyonga pa 19 Julayi. Pomwepo anatiuzanso chinthu chimene chinandisowetsa mtendere: ovomera kuti ndi mfiti sanaphedwe, amene anafa ndi okana. Onse onyongedwa anali 19, akazi 14 ndi amuna 5, ndipo palibe amene anawotchedwa ngakhale alendo ambiri amabwera akukhulupirira zimenezo. Ena osachepera asanu anafera m'ndende, momwe wandende ankalipira yekha chakudya chake. Munalinso kamwana ka zaka zinayi, Dorothy Good.

Malo amene tinakhalitsa ndi a chikumbutso, pafupi ndi manda akale a pa Charter Street. Anawatsegula mu 1992. Ndi kabwalo ka udzu kozunguliridwa ndi khoma la miyala, ndipo m'khomamo mwatuluka mabenchi amwala 20, lililonse lili ndi dzina, kaphedwe ndi tsiku. La Giles Corey ndi losiyana ndi enawo chifukwa iye sananyongedwe. Anakana kuzengedwa mlandu, ndiye anamugoneka n'kumamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka anamwalira pa 19 Seputembala, ali nkhalamba ya zaka za m'ma 80. Polowera pali miyala yapansi yolembedwa mawu odzikanira a ophedwawo, ena odukiza pakati chifukwa khoma lawaphimba. Tikanangowaponda n'kudutsa mayiwo akanapanda kutiuza kuti tiyang'ane pansi.

Kuseri kwa khomalo kuli manda a John Hathorne, mmodzi mwa oweruza aja. Apa anabweretsa nkhani ya wolemba mabuku Nathaniel Hawthorne, mdzukulutuvi wake wobadwira ku Salem konko mu 1804, amene anaonjezera chilembo cha w pa dzina la banja. Akuti Sarah Good asananyongedwe anauza mbusa Nicholas Noyes kuti Mulungu adzamumwetsa magazi, ndipo temberero lofanana nalo ndi limene likuyendetsa buku la Hawthorne la mu 1851, The House of the Seven Gables. Gawo limeneli analithamangira, ine ndikanakonda akanalitalikitsa.

Munthu wochokera kwathu sangamve zonsezi ngati nthano ya azungu akale. Ku Malawi lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma nkhani za agogo omenyedwa ndi kuphedwa ndi adzukulu awo timazimvabe pa wailesi. N'chifukwa chake tauniyo inandinyansa pena. Mfiti yokwera tsache (yakwathu imakwera lichero) ili paliponse, pa malaya, pa makapu, ngakhale pa chizindikiro cha apolisi. Pali chiboliboli cha mayi wa mu pulogalamu ya pa TV ya Bewitched, choimikidwa mu 2005, pomwe anthu amafola mzere kudzijambula. Amene anafa aja anafera kunena kuti si mfiti, lero tauni ikudya ndalama powaveka ufitiwo. Mayi athu aja sanabise kuti nawonso zimawawawa.

Tsopano madandaulo. Gulu linali lalikulu mopitirira, ndipo kachimkuzamawu kam'chiuno kamene anapatsidwa ndi kampani kankangoti phwephwephwe basi ikamadutsa, moti am'mbuyo ankafunsana kuti ati chiyani. Ife tinapita mu Okutobala, mwezi umene tauni yonse imasanduka msika wa Halloween, chikondwerero chimene anthu amavala ngati mfiti ndi mizukwa. Pa mabenchi aja panali anthu okhalapo akudya, wina atavala zachigoba. Si mlandu wa kampani, koma pogulitsa matikiti akanachenjeza. Tikiti yake sikulowetsaninso m'nyumba ya woweruza Jonathan Corwin pa Essex Street, yomwe amaitcha Witch House. Mumangoionera panja, kulowa n'kulipira padera.

Chachikulu n'choti malo awiri ofunika ulendowu sufikako. Mudzi womwe zinayambira, Salem Village, lero ndi tauni ina yotchedwa Danvers, ndipo nyumba ya Rebecca Nurse ili kumeneko, kofunika galimoto. Komwe ankanyongera anthu, Proctor's Ledge, akatswiri anakutsimikiza mu 2016 ndipo chikumbutso chake chinatsegulidwa mu 2017. Mayiwo anatilongosolera njira pa mapu, ife n'kupita tokha madzulo ake. Ndi kaphiri ka miyala pakati pa nyumba za anthu, kuseri kwa sitolo ya mankhwala, ndipo kuchokera pakati pa tauni ndi kamtunda ndithu.

Ngati muli ndi mwana amene akuwerenga The Crucible, mutengeni atamaliza bukulo, osati asanayambe. Sankhani tsiku la mkati mwa sabata, mu Meyi kapena Juni, valani nsapato zoyendera, ndipo pogula tikiti funsani ngati ulendowo ndi wa mbiri kapena wa mizukwa, chifukwa pa intaneti onse amaoneka ofanana.