Heparin wa m'diripi kapena enoxaparin wa pamimba?

Magazi akaundana n'kutseka mtsempha wa mtima, wodwala amayamba wapatsidwa asipirini wa 300 mg kuti atafune. Kenako pamafunika mankhwala oletsa magaziwo kupitiriza kuundana, ndipo apa dokotala amasankha pakati pa awiri.

Heparin wakale uja amalowa kudzera m'diripi. Ubwino wake ndi woti sachedwa kutha m'thupi, ndipo wodwala akayamba kutaya magazi, alipo mankhwala otchedwa protamine othetsa mphamvu ya heparinyo. N'chifukwa chake madokotala ambiri amamudalira pomwe akulowetsa kachubu kotsegula mtsempha wa mtima. Koma ngovuta kumuyang'anira: magazi amafunika kuyezedwa pafupifupi maola 6 aliwonse, a ku labu osagona.

Enoxaparin ndi jakisoni wa pakhungu la pamimba, kawiri pa tsiku, kuyezayeza kuja kulibe. Kwa ife a ku Nsanje ndi Chikwawa, amene ambulansi imachita kukwera nafe mapiri a Thabwa kuti tikafike ku Blantyre, ine ndingatsamire kwa ameneyu. Pamene amavutira ndi pa impso. Agogo amene impso zawo zafooka, mankhwalawa amachedwa kutuluka m'thupi mwawo, choncho dokotala amachepetsa mlingo, poti protamine sathetsa mphamvu yake yonse.