Mastazi ya kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu ku Britain: kumene chaka chimathera

Inu amene muli ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ndipo mukulingalira zodzachita mastazi ya sociology kapena ya njira zochitira kafukufuku kuno ku Britain, mawu akuti "ndi chaka chimodzi basi" asakupusitseni. Sukulu imatsegulira kumapeto kwa Seputembala, makalasi amatha cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo dissertation, lipoti lalikulu la kafukufuku wanu, ya mawu 10,000 mpaka 15,000 imafunika mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Pa makirediti 180 a digiriyi, 60 ali pa dissertation yokhayo. Kukhoza kumayambira pa 50, merit pa 60, distinction pa 70. Ndiye mukapatsidwa 64 musagwe ulesi, kuno amenewo ndi malikisi abwino.

Temu yoyamba anthu sagwa ndi mabuku a akatswiri a sociology ngati Durkheim kapena Bourdieu. Amagwa ndi masamu. Pakangotha masabata ochepa aphunzitsi amakhala afika kale pa regression, masamu oonera mgwirizano wa chinthu china ndi chinzake, ndipo m'masukulu ambiri ntchitoyi imachitikira m'mapulogalamu a pakompyuta otchedwa R kapena Stata, momwe umalemba wekha malamulo ouza kompyuta chochita. Amene anazolowera kungodina mabatani mu pulogalamu ya SPSS amatuluka thukuta ngakhale kunja kuli chisanu. R ndi yaulere. Ikopereni pa laputopu muli konko, muphunzire kulowetsa deta, kupanga tebulo ndi kuwerenga zotsatira musanakwere ndege.

Koma msampha weniweni ndi wa chilolezo. Pafupifupi Mmalawi aliyense amafika ndi maloto okacheza ndi anthu kumudzi: alimi a fodya ku Kasungu, amayi a banki m'khonde, achinyamata a kabaza. Simungafunse munthu ngakhale funso limodzi komiti ya ethics ya yunivesite yanu, yoona kuti kafukufuku asaphwanye ufulu wa ofunsidwa, isanavomereze, ndipo fomu imabwerera kawirikawiri kuti mukonze. Yunivesite ikavomera, kwathu nakonso kumafunika chilolezo, kudzera ku komiti ya National Commission for Science and Technology ku Lilongwe kapena komiti ina yovomerezeka ngati ya University of Malawi, ndipo pali ndalama yolipira. Wopereka fomu mu Meyi amapezeka akuyamba kucheza ndi anthu mu Julayi, tsiku lopereka ntchito litayandikira. Fomu iyenera kuchoka m'manja mwanu mu Febuluwale.

Zimene amabwezera mafomu nzodziwika. Kalata yopempha chilolezo kwa wofunsidwa ilibe ya Chichewa kapena Chitumbuka. Simunanene mmene gogo wosatha kulemba adzavomerere, kaya ndi chidindo cha chala kapena mawu ojambulidwa. Mwalemba kuti amfumu ndiwo adzakusankhireni anthu, pomwe aliyense akudziwa kuti munthu woitanidwa ndi amfumu sakana. Kapena mwanena kuti wokuthandizani adzakutumizirani mawu ojambulidwa pa WhatsApp, zimene makomiti ambiri sagwirizana nazo chifukwa cha malamulo osunga chinsinsi cha anthu.

Werengeraninso maola. Kucheza kwa ola limodzi kumadya maola 4 mpaka 6 kuti mukulembe liwu ndi liwu. Anthu 15 ndiye kuti maola pafupifupi 75, musanayambe kumasulira m'Chingerezi, musanalowetse mu pulogalamu ya NVivo kuti musanje mitu. Ndipo pomasulirapo mpamene nkhani zimafera. Mayi akati "amuna anga anapita ku Joni, ndimangodya za alamu", muli nkhani ya ndalama, ya ulamuliro ndi ya manyazi, koma womasulira wachangu amangolemba kuti akuthandizidwa ndi achibale.

Pachifukwa ichi, kwa wa chaka chimodzi ine ndimaona kuti deta yotoledwa kale ndiyo njira yanzeru, ngakhale ena amaitenga ngati yaulesi. Kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo m'Malawi wotchedwa DHS (Demographic and Health Survey) wa 2015-16 anafunsa amayi oposa 24,000. Integrated Household Survey ya National Statistical Office ya ku Zomba ilipo, Afrobarometer yofunsa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa ilipo, komanso kafukufuku wa za mabanja ndi zaumoyo wa MLSFH amene wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998. Chenjezo ndi limodzi: musaiwale ma weight, manambala okonzera kuti dera lililonse liwerengedwe molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake. Maboma aang'ono ngati Likoma amatengedwa anthu ochuluka kuposa gawo lawo lenileni kuti chiwerengero chikwane, ndiye mukawerenga osakonza, zotsatira za dziko lonse zimapendekeka. Mu fayilo ya amayi ya DHS weight ili pa mzere wotchedwa v005, ndipo imagawidwa ndi 1,000,000 musanaigwiritse ntchito. Ochonga ntchito yanu amayang'ana pomwepo.

Mphamvu yanu ili pa zimene mukudziwa kale. Mafomu ambiri a mafunso a kafukufuku amati banja ndi anthu ogona pamodzi ndi kudya mphika umodzi, kenako n'kufunsa kuti mutu wa banja ndani. Kumudzi kwa chikamwini, mwamuna angatchulidwe kuti ndiye mutu, koma munda ndi wa mkazi ndipo mlandu wa mwana umakambidwa ndi malume. Ndime imodzi yofotokoza bwino kuti funsolo likuphonya chiyani imabweretsa malikisi kuposa masamba atatu obwereza mabuku. Paja ena mwa oyambitsa njira zimene muziphunzira kuno anagwirapo ntchito kwathu komweko: J. Clyde Mitchell, mmodzi mwa oyambitsa kafukufuku wa maukonde a ubale wa anthu, anachita kafukufuku pakati pa Ayao kum'mwera kwa Malawi m'zaka za m'ma 1940 akugwira ntchito m'bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute, asanapite ku Copperbelt ku Zambia ndi ku yunivesite ya Manchester.

Za ndalama mwachidule: sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2 ndipo mudzabwerere kwanu kwa zaka 2, pomwe sikolashipu ya Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Viza imafuna kalata yoyezetsa TB. Kuyambira Januwale 2024, wa mastazi ya m'kalasi wodzilipirira yekha saloledwa kubwera ndi banja. Ganyu ndi maola 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, ndipo masukulu ambiri amawerengera miyezi yolemba dissertation kuti ndi nthawi ya sukulu. Funsani ku ofesi ya viza ya pasukulupo musanavomere mashifiti owonjezera mu Julayi.